Kodi Wamkulu Acoke Liti Pabwalo?

M'dziko la America muli masewera ochedwa basketball, amene anthu a kumeneko awakonda monga a maiko ena akondera mpira wa miyendo. Anayamba m'caka ca 1891, pamene mphunzitsi wina wobadwira ku Canada, dzina lace James Naismith, anafunira anyamata a sukulu ya ku Springfield cocita m'nyengo ya cisanu, pokhala kunja kunali kosakhalika ndi kuzizira. Iye anakhomera madengu awiri a zipatso m'mwamba, lina uku lina uko, mapazi 10 kucokera pansi, nauza anyamatawo kuti aziponyamo mpira. Dengu lija linasanduka mkombero wacitsulo wolenjekako ukonde, koma kutalika kwace kukali komweko. Osewera akhala asanu mbali yino ndi asanu mbali inayo. Mpira augwira ndi manja, naunjanjitsa pansi pothamanga. Ndipo woulowetsa mumkombero apezera anzace mapointi awiri, kapena atatu akaponyera patali.

Alipo amuna amene masewerawa ndiyo nchito yao yodyera. Bungwe lao lalikulu lichedwa NBA, ndipo liri ndi matimu 30. Kuyambira October kufikira April timu iri yonse isewera kokwana 82, lero mumzinda uno, mawa mumzinda wina wa kutali ulendo wa ndege. Ndipo matimu opambana apitirira kulimbirana cikho kufikira June. Bwalo lace ndi la matabwa ouma. Munthu wamtali mapazi 7, wolemera ndithu, alumpha natera, alumpha natera, usiku ndi usiku, ndipo zonsezo zigwera maondo ndi akakolo ace. Malo m'timu ndi owerengeka, ngati 15, ndipo caka ndi caka bungwe lisankha anyamata atsopano ngati 60, onse anjala, onse a miyendo yopepuka. Cifukwa cace ambiri olowa nchitoyi sakhalitsa. Zikapita zaka 4 kapena 5, dzina lao silimvekanso.

Pabwalo lotere ukalamba ufulumira. Mwamuna wa zaka 33, amene kumudzi akadamuyesa wongoyamba kumene kukhwima, kumeneko amucha wamkulu. Wa zaka 38 ndiye nkhalamba. Ndipo ukalamba wace subisika, pakuti ucitika pamaso pa makamu a anthu, ndipo alembi awerenga ciri conse: mphindi zimene wasewera, mipira imene walowetsa, ndi imene waphonya. Cimene cifikira munthu ali yense pang'ono pang'ono ndi mseri, kwa iwowa cifika msanga ndi poyera. Ndico cifukwa cace nkhani yao iyenera kulingaliridwa ngakhale ndi munthu amene sanaonepo bwalo la basketball. Funso lace ndi lakale lomwe lija: kodi munthu amene wakhala patsogolo nthawi yaitali acoke liti? Kodi kukhalitsa ndiko ulemu masiku onse, kapena nthawi zina ndi umbombo cabe?

Pali owerengeka amene anapyola muyeso wa anzao kutali. Kareem Abdul-Jabbar anasewera zaka 20, kuyambira 1969 kufikira 1989, naleka ali ndi zaka 42. Robert Parish anasewera zaka 21, Vince Carter 22. Ndipo LeBron James, amene analowa m'caka ca 2003 ali mnyamata wa zaka 18, anayamba caka cace ca 23 mu November 2025, cimene sanacitepo wina ndi kale lonse. Ndi akazi omwe ali nao otere: Diana Taurasi anasewera zaka 20 m'timu imodzi ya ku Phoenix, naleka m'caka ca 2025 ali ndi zaka 42.

Anthu akafunsidwa cinsinsi ca otere, yankho lao silicedwa; ati, Anadzisunga. Ndipo m'menemo muli coonadi. Abdul-Jabbar anaphunzira kuongola ndi kufewetsa thupi mwa njira ya ku India yochedwa yoga, pa nthawi imene osewera ocepa okha anaidziwa. James adziwika ndi kugona maola ambiri, kusankha zakudya, ndi kubviika miyendo m'madzi ozizira akatha kusewera. Ndiponso osewera a masiku ano ali ndi madokotala ao, ndege zao, ndi nsapato zosunga phazi; si monga a m'zaka za 1950, amene anacezera usiku pa sitima, nafuna nchito zina nyengo ya masewera ikatha kuti adyetse ana.

Koma ndi kulakwa kuyesa kuti ali yense woleka msanga anali waulesi kapena wosadziletsa. Yao Ming wa ku China anali munthu wodzisunga ndi wakhama, koma mafupa a mapazi ace anathyoka kawiri kawiri pansi pa thupi lace lalikululo, naleka m'caka ca 2011 ali ndi zaka 30. Caka comweco Brandon Roy analeka ali ndi zaka 27, cifukwa kanthu kofewa kamene kakhala pakati pa mafupa a bondo kanamthera, mafupa nayamba kukhulana okha okha. Ndipo kale, mu March 1958, Maurice Stokes wa timu ya Cincinnati anagwa cagada namenyetsa mutu pa matabwa. Atapita masiku atatu anakomoka m'ndege, ndipo podzuka anali wofa ziwalo, ali ndi zaka 24. Mnzace wa m'timu, Jack Twyman, ndiye anamsamala kufikira imfa yace m'caka ca 1970. Kodi amenewa anacimwanji coposa Parish? Gawo lalikulu la zaka za wosewera licokera ku mafupa amene anabadwa nao, ndi ku kugwa kumene sanagwe. Kutamanda munthu cifukwa ca kuculuka kwa zaka zace zokha kuli ngati kumtamanda cifukwa mphezi inagwera nyumba ya mnzace.

Cimene ciri m'manja mwa munthu ndico makhalidwe ace pamene mphamvu ziyamba kumthawa. Taonani Abdul-Jabbar m'caka ca 1985. Anali ndi zaka 38, ndipo timu yace, Los Angeles Lakers, inakomana ndi Boston Celtics polimbirana cikho. Tsiku loyamba a Lakers anagonja mocititsa manyazi, 148 kwa 114, ndipo mkuluyo anaoneka wolema, wotsalira m'mbuyo pamene Parish, wa timu inayo, analikuthamanga. Olemba nkhani anati watha. Pamene mphunzitsi anasonkhanitsa osewera kuti aone zithunzi za kugonja kwao, iye, amene masiku onse ankakhala kumbuyo, anadzakhala patsogolo peni peni, nalandira cidzudzulo conse. Masewera aciwiri anapeza mapointi 30. A Lakers anatenga cikho, ndipo iye anasankhidwa woposa onse pa mpikisanowo. Cida cace cinali kaponyedwe kamodzi kamene anakaphunzira ali mwana: atembenukira cam'mbali, natambasula mkono pamwamba pa mutu, naponya mpira mokhota ngati uta, kotero kuti womlonda sakhoza kuufikira. Kaponyedweka sikalira liwiro kapena kulumpha kwambiri, cotero sikanakalambe pamodzi ndi miyendo yace. Galu wamkota sakandira pacabe.

Koma cacikulu cinadza pambuyo. M'caka ca 1986 mphunzitsi wao, Pat Riley, anatsimikiza kuti mpira uziyamba kupita kwa Magic Johnson, wamng'ono kwa mkuluyo ndi zaka 12. Munthu amene anasankhidwa kasanu ndi kamodzi kukhala woposa onse m'bungwe lonse anabvomera kukhala waciwiri. A Lakers anatenganso cikho m'1987 ndi m'1988, iye ali ndi zaka 40 ndi 41. Caka cace cotsiriza ankapeza mapointi ngati 10 pa usiku, munthu amene pa unyamata wace ankapeza oposa 30.

Tim Duncan, wa ku cisumbu ca Saint Croix, anacepa ndi thumba lomwe. Bungweli liri ndi malamulo oika malire pa ndalama zimene timu ilipira osewera ace onse pamodzi. Cotero mkulu akadya zambiri, zotsalira anzace zicepa. M'caka ca 2012 Duncan anabvomera kuti malipiro ace atsike kucokera madola 21 miliyoni pa caka kufikira osakwana 10 miliyoni, kuti timu ya San Antonio isunge anzace. Wowerenga angaseke, nati, Munthu wolandira mamiliyoni otere sanasauke. Ndipo anena zoona. Koma ambiri a mbiri yonga yace sanatero, pakuti pakati pa anthu otere malipiro sakhalanso a cakudya ai, akhala muyeso wa ulemu, ndipo kutsika kwace kuwawa ngati kutsitsidwa pampando. M'caka ca 2014 timuyo inatenga cikho, ndipo dzina la woposa onse linapita kwa Kawhi Leonard, mnyamata wa zaka 22. Mu July 2016 Duncan analeka ali ndi zaka 40. Panalibe phwando lotsazika. Timu inangotumiza kalata kwa olemba nkhani.

Apa paoneka cinthu cimene anthu saciyembekeza. Oonerera ayesa kuti wokhalitsa ndiye amene anakana kugonjera zaka; koma okhalitsa bwino ndiwo amene anazigonjera msanga, gawo ndi gawo, napereka lero liwiro, mawa malo oyamba, mkuja malipiro, nasunga cokhaco cimene akali kukhoza. Wokana kupereka kanthu alandidwa zonse tsiku limodzi.

Si onse akhoza kucepa. Michael Jordan ndiye citsanzo cobvuta, cifukwa palibe angamnene kuti anali wofooka kapena waulesi. Anatengera Chicago Bulls cikho kasanu ndi kamodzi. Mu June 1998, atatsala masekondi owerengeka, analanda mpira kwa Karl Malone wa timu ya Utah, nauponya, nulowa, cikho nicikhala cao. Ndipo atatero analeka. Anthu anati palibe munthu anatsirizapo nchito yace mokoma cotere. Koma m'caka ca 2001, ali ndi zaka 38, anabwerera, tsopano m'timu ya Washington Wizards. Kunena zoona sanacite manyazi. Malipiro ace a caka coyamba anawapereka kuthandiza ogwidwa ndi tsoka la pa 11 September. Bondo linatupa kufikira madokotala analing'amba, koma caka caciwiri anasewera masewera onse 82, ndipo atakwanitsa zaka 40 anapezabe mapointi 43 usiku umodzi. Timu imene inapambana kokwana 19 kokha iye asanabwere inapambana kokwana 37 zaka zonse ziwiri, cinkana pa kulimbirana cikho sinafikepo.

Cobvuta cinali pena. Asanabvalenso malaya a masewera, Jordan anali mkulu woyang'anira timu yomweyo, ndi mwini wa gawo lace. Mphunzitsi, Doug Collins, anamlemba nchito ndi iye. Anyamata ena anawasankha ndi iye, monga Kwame Brown, wa zaka 19, wongocoka kumene pa sukulu. Nanga ndani akadalimba mtima kumuuza kuti, Lero pumulani, mpira upite kwa ana? Wanchito sauza womlemba nchito kuti akhale pansi. Anyamata amene anakula alikumva mbiri yace anasewera pambali pace ndi mantha, pakuti lilime lace linali lakuthwa pa olakwa. Mpira unapita kwa mkulu monga unkacitira kale, ndipo ana anaima naonerera. Iye anabwera ndi mtima wakuwaphunzitsa, ndipo zimenezo palibe cifukwa cozikayikira. Koma anawaphunzitsa ataimirira pa malo omwewo amene iwo anayenera kuphunzirirapo. Luso lace linali lisanathe. Cinasowa ndi munthu wokhala ndi ufulu wakumkaniza.

Mbiri ya bungweli iri ndi kankhani koseketsa konena zomwezi. Wamkulu koposa onse amene analowapo m'bwalo lace ndi Nat Hickey, mu January 1948, atatsala masiku awiri kukwanitsa zaka 46. Anamsankha ndani? Anadzisankha yekha, pakuti ndiye anali mphunzitsi wa timu ya Providence. Anasewera kawiri, napeza mapointi awiri, nabwerera pa benchi.

Tsono wina adzati, Cabwino, wamkulu acepe, akhale pansi, asalande mpira. Pamenepo mlandu watha. Koma sunathe, cifukwa mipando ndi yowerengeka. Mkulu wokhala pa benchi wakhalira mpando umene mnyamata wina akadakhalapo, mnyamata amene tsopano alikusewera m'matimu ang'ono kapena kutsidya la nyanja, zaka zace za mphamvu zirinkutha. Kudzicepetsa kwa mkulu sikumdyetsa iyeyo.

Palibe amene mlanduwu unamgwera poyera ngati Udonis Haslem. Iye anabadwira ku Miami, ndipo pa kusankha kwa anyamata m'caka ca 2002 palibe timu inamfuna. Anakasewera caka cimodzi ku France, nalowa timu ya kwao, Miami Heat, m'caka ca 2003, nakhalamo zaka 20, natenga nao cikho katatu. Koma zaka zace zomariza sankasewera konse kweni kweni. M'nyengo ya 2020 ndi 2021 analowa m'bwalo kamodzi kokha, mphindi zosakwana zitatu, ndipo woimbira anamturutsa cifukwa ca kukangana ndi wosewera wa timu inayo. Oonerera ambiri anadandaula, nati, Ngati nchito yace ndi kulangiza, abvale jekete akhale mphunzitsi, mpandowo aupatse mwana. Dandaulo lao silinali lopanda pace.

Koma eni timu anaona zina. Mau a mphunzitsi ndi mau a bwana, ndipo mnyamata awamva ndi khutu limodzi. Mau a munthu amene acita nawe thukuta m'mawa uli wonse pokonzekera, nabvula nsapato m'cipinda cimodzi ndi iwe, nakhala pambali pako m'ndege usiku umene mwagonja, alowa pena. Ndipo Haslem anali ndi cimene aphunzitsi ambiri alibe: anadziwa kuwawa kwa kukanidwa. Timu ya Miami inachuka ndi kutola anyamata amene matimu onse anawalambalala, niwasandutsa osewera; pamene inafika pa masewera otsiriza a cikho m'caka ca 2023, inadalira otere angapo, monga Gabe Vincent, Max Strus, Caleb Martin ndi Duncan Robinson. Kunena kuti zonsezo ndi nchito ya Haslem kungakhale kuonjezera. Koma kunena kuti mpando wace unali wosabala kanthu kungakhale bodza. Akulu akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo timu yopanda dambo ipsa ndi kamkangano kakang'ono.

Kusiyana kwa iye ndi Jordan kuli pa ici, kuti Haslem sanali woweruza mlandu wace yekha. Zaka zomarizazo pangano lace linali la caka cimodzi cimodzi, pa malipiro a pansi, ndipo caka ciri conse eni timu anali ndi ufulu wakunena kuti, Kwatha. Mkulu amene akhala cifukwa ena, okhoza kumkana, amfunabe, ali ndi poimira. Amene akhala cifukwa palibe wokhoza kumcotsa, ngakhale luso lace likhale lalikulu cotani, alikudya ulemu wa dzulo. Ndipo ngakhale zitatero, mnyamata uja wotsala kunja salakwa akadandaula. Mpando unali umodzi, oufuna oyenera anali awiri, ndipo palibe ciweruzo cimene cikadakondweretsa onse.

Palinso mangawa ena amene oonerera sawaona, pakuti abwezedwa magetsi a pabwalo atazima. Dirk Nowitzki wa ku Germany anasewera zaka 21 m'timu imodzi ya ku Dallas, naleka m'caka ca 2019 anthu alikumuombera m'manja m'mizinda yonse. Iye anacita zonse zimene zachulidwa pamwambapa: anabvomera malipiro ocepa, nalandira bwino mnyamata Luka Dončić amene anadzatenga malo ace. Koma zitapita zaka zowerengeka ananena poyera kuti alikudzifunsa ngati zaka ziwiri zotsirizazo zinali zoyenera, pakuti kakolo wace anaonongeka, ndipo kuthamangitsa mpira ndi ana ace pabwalo la kunyumba kumbvuta. Thupi la munthu siliri lace yekha. Ali nalo gawo mkazi wace ndi ana ace, ndipo iwo sakhala nao pamene pangano la caka cina lilembedwa.

Cifukwa cace ena atamanda njira ya Bill Russell. Iye anatengera Boston cikho kokwana 11 pa zaka 13, ndipo zaka zomariza anali wosewera ndi mphunzitsi pamodzi; ndiye kuti, monga Hickey, analibe womuuza. Koma anadziuza yekha. Atatenga cikho ca 1969, ali ndi zaka 35, analeka, nafotokoza kuti njala ya kupikisana yamthera, ndipo safuna kusewera cifukwa ca ndalama zokha. Ndi kulimba mtima kosaoneka kawiri kawiri, kucoka ng'oma ikali kulira. Koma sikuyenera kusandulika lamulo la onse, cifukwa lamulo lotere likadamana anthu zaka zokoma za Dikembe Mutombo.

Mutombo anacokera ku Kinshasa, m'dziko la Congo, napita ku America ndi colinga cakuphunzira udokotala. Msinkhu wace wa mapazi oposa 7 ndiwo unamkokera ku basketball. Pa unyamata wace anali mlonda woopsa wa pansi pa mkombero. Atakalamba anabvomera kukhala wodikira pa benchi m'timu ya Houston, kumbuyo kwa Yao Ming yemwe uja. Mu February 2008 phazi la Yao linathyoka pamene timu inali itapambana kokwana 12 motsatizana, ndipo anthu anati zathera pomwepo. Nkhalamba ya zaka 41 inanyamuka nitenga malo ace, ndipo timuyo inapitirira kupambana kufikira kokwana 22. M'zaka zomwezo, m'caka ca 2007, cipatala cimene anamanga ku Kinshasa m'dzina la amace, Biamba Marie Mutombo, cinatsegulidwa, iye atapereka madola 15 miliyoni a m'thumba mwace. Tsiku lakuleka sanalisankhe yekha. Mu April 2009, ali ndi zaka 42, bondo linamphulika pabwalo la ku Portland, namturutsa pa macira. Russell anacoka woyenda ndi miyendo yace, Mutombo anacoka wonyamulidwa. Koma munthu woona bwino angacite mantha kunena kuti waciwiriyo anacedwa.

Ndipo pali LeBron James, amene asokoneza maganizo onsewa, cifukwa iye sanacepe monga anzace. Mu February 2023 anapyola mapointi 38,387 a Abdul-Jabbar, mwini wace ali pomwepo kumpatsa mpira. Caka cotsatira anapyola 40,000. Ndipo ali ndi zaka 40 ankapezabe mapointi oposa 24 pa usiku. Munthu wotere palibe angamuuze kuti walanda mpando wa womposa. Cinkana cotero, nayenso anasintha: m'caka ca 2020, ali ndi zaka 35, anaposa onse m'bungwe pa kupatsira anzace mipira yolowetsa. Funso la mipando linamfikira podzera khomo lina. Mu June 2024 timu yace, a Lakers, inasankha mwana wace Bronny pa nambala 55, ndipo pa 22 October caka comweco atate ndi mwana analowa m'bwalo pamodzi, coyamba m'mbiri ya bungweli. Ambiri anakondwera, pakuti ndi atate uti amene sakadacifuna? Koma enanso anafunsa ngati mwanayo akadasankhidwa akadakhala wa munthu wina. Wokhalitsa afika pokhala ndi mphamvu zimene siziri za m'miyendo, ndipo eni nyumba ayamba kumva zofuna zace asanazinene.

Vince Carter pa unyamata wace sanali citsanzo ca kudzicepetsa. Anachuka ndi kulumpha. Pa masewera a Olympics ku Sydney m'caka ca 2000 analumpha pamwamba pa mutu wa Frédéric Weis wa ku France, munthu wa mapazi oposa 7, nalowetsa mpira. Pocoka ku Toronto m'caka ca 2004 anasiya mbiri yowawa, anthu a kumeneko alikunena kuti analeka kucita khama kuti amlole kupita, ndipo zaka zambiri ankamkuwiza akabwerako. Akadaleka ali ndi zaka 32, akadakumbukika cotero. Koma maondo atakana kulumpha anaphunzira kuponyera patali ndi kulonda, nabvomera kuyambira pa benchi ku Dallas ndi ku Memphis. Cikho sanatengepo. Akulu ambiri otere athamangira ku timu yamphamvu kuti akakhale pansi nalandire cikho ca thukuta la ena. Iye anasankha matimu a anyamata, Sacramento ndi Atlanta, kumene akadasewerabe ndi kulangiza. Ku Atlanta mtsogoleri wa timu anali Trae Young, amene anabadwa mu September 1998, itapita miyezi itatu Carter atasankhidwa kale kulowa m'bungwe. Munthu amene kale ankapeza mapointi 27 pa usiku tsopano ankapeza 5.

Anali atanena kuti caka ca 22 ndico cotsiriza, ndipo anayembekeza kutsazika mu April. Pa 11 March 2020 a Atlanta analikusewera ndi New York Knicks, ndipo masewera ali m'kati mau anafalikira m'bwalo kuti bungwe laimitsa masewera onse cifukwa ca mliri wa Covid-19. Timu yace inali itagonja kale, Carter ali pa benchi, ndipo anatsala masekondi osakwana 20. Khamu linayamba kupfuula dzina lace, anzace namkankhira kwa mphunzitsi, nalowa. A New York anamlekera malo. Young anampatsa mpira, ndipo mkulu wa zaka 43 anaima kunja kwa mzere wa patali, nauponya, nulowa. Pamene masewera anayambanso mu July, timu ya Atlanta sinali mwa oitanidwa.